Loboti yathu ili ndi komiti, koma sikuyenda

Aphungu,

Ndine mphunzitsi wa sayansi pasekondale ina kuno ku Chifunga. Chaka chino bungwe lina linatipatsa zipangizo zopangira loboti, ndipo ana 36 analowa kalabu. Poona unyinjiwo, ndinawagawa monga timachitira kutchalitchi: tcheyamani, wachiwiri wake, mlembi, wosungitsa mwambo, komiti yolandira alendo. Maudindo onona ndinapatsa amene amakhoza m'kalasi.

Eliness wa Fomu 3, yemwe patchuthi amathandiza bambo ake kukonza mawailesi ku Lisungwi, anapempha kuti azigwira mawaya. Ine ndinamuika kolandira alendo poti amamwetulira bwino. Iye anangoti, "Aphunzitsi, nanga alendowo adzabwera kudzaona chiyani?" Ndinamukalipira pamaso pa anzake kuti ndi wamwano. Sanabwerenso.

Misonkhano tachita isanu ndi iwiri, kope la mlembi ladzaza, koma loboti tikaiyatsa imangolira ngati njuchi, osasuntha. Kwatsala milungu itatu kuti tipite kumpikisano ku Blantyre, ndipo Mathews, tcheyamani wathu, akuti tisankhe komiti ina yofufuza vutoli. Eliness tikakumana amandipatsa moni mwaulemu n'kudutsa. Ulemu umenewo ndi umene ukundiwawa. Nditani?

E.M., Chifunga, Neno

Aphunzitsi,

Mwanayo sanachite mwano. Anafunsa funso limene munayenera kudzifunsa nokha.

Munamunyoza pagulu, choncho mupepeseni pagulu pomwepo, osati potuma mnzake. Kenako thetsani makomitiwo, mugawe ana potsata ziwalo za lobotiyo: ena thupi ndi mateyala, ena mawaya ndi batire, ena pulogalamu ya palaputopu, ena oiyendetsa n'kumalemba pamene yalakwitsa. Posankha musayang'ane malikisi. Ikani zida patebulo, muone manja a ndani akuzidziwa. Gulu lililonse likhale ndi mmodzi wokumana ndi magulu enawo tsiku ndi tsiku, mphindi khumi basi, ali chiimire pafupi ndi loboti. Mathews musamuchotse mochititsa manyazi. Akhale wowerenga masiku ndi kukumbutsa gulu lotsalira.

Koma samalani. Mukapepesa chifukwa cha mpikisano wokha, Eliness adzazindikira, poti mwaona kale kuti ndi watcheru. Akakana, landirani, mwina ku Blantyre mupita chaka chamawa. Akabwera, musamusenzetse ntchito yonse, ndipo chonde musamulipire ndi utcheyamani. Mupatseni mawaya amene anapempha aja.