Dzina Langa Pansi pa Mbale ya Mango

Amanzimtoti, Durban
14 Okutobala 2024

Okondedwa achimwene a Kenson,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga msana wa amayi ukuvutabe? Ine kuno ndili bwino, kupatula kachifuwa ka fumbi la mitengo.

Khalani pansi kaye. Mlongo wanu uja munkamuthamangitsa pa shedi panu, mukuti randa yopalira matabwa si ya akazi, wapambana mpikisano wa osema mbale kuno ku Durban!

Paja ndinakuuzani kuti a Govender, madala amene ndimawagwirira ntchito ya m'nyumba, anandiphunzitsa makina awo a m'galaja, aja amazunguza chipika iwe n'kumasema ndi tchizulo. Mbale zanga ankandigulitsira Duncan wa ku Balaka, amene timapemphera naye tchalitchi chimodzi. Iyeyu anandilangiza kuti ndisamalembe dzina pansi pa mbale, ati dzina lachimalawi n'kudziitanira mavuto. Mantha ndinali nawodi, si kuno Chichewa timachimeza tikakwera taxi. Choncho mbale zinkangopita zopanda dzina.

Loweruka lapitali a Govender ananditenga ku chionetsero cha osema ku holo ina ya ku Durban North. Pa tebulo lakutsogolo ndinaona mbale yomangidwa riboni yofiira ya wopambana. Inali yanga, ya mtengo wa mango umene unagwa kuseri kwa nyumba mu Epulo. Nditaitembenuza ndinapeza dzina la Duncan, lowotcha ndi moto. Achimwene, ndinamva kutentha mpaka m'makutu. Munthu uja ankandidyera masuku pamutu nthawi yonseyi.

Ndinafuna kungotuluka, koma a Govender anati ndikakhala chete makina awo ndisadzawakhudzenso. Ndinalimba mtima n'kukauza wamkulu wa oweruza, mayi wachizulu dzina lawo a Martha. Duncan anandikana pamaso pa anthu, ati ine ndine wantchito wongosesa zinyalala za m'galaja.

Chimene sankadziwa ndi kasemedwe kathu. Mtengo wauwisi timayamba tausema mwachisawawa, n'kulemba ndi pensulo tsiku ndi mtundu wa mtengowo, kenako timausiya miyezi kuti uume tisanamalize. Komanso a Govender sataya mtengo, m'mimba mwa mbale yaikulu timatulutsamo ina yaing'ono. Yaing'ono ya mango uja inali idakali pa shelefu. Madala aja anathamangitsa galimoto mpaka kunyumba ku Amanzimtoti kukaitenga, ine ndili chiimire pakona.

A Martha ataiika m'kati mwa yaikuluyo, mizere yakuda ya mtengo inakumana ndendende, ngati zitenje zodulidwa pa nsalu imodzi. Pansi pa yaing'onoyo panali 20 Epulo, m'zilembo zanga zopindika zomwe munkaziseka zija. Atamupempha Duncan kuti asonyeze luso lake pa makina a mu holomo, anati mkono ukumupweteka. Holo yonse inafa nalo phwete. Riboni anandipatsa m'manja, ndipo ndinalira, sindibisa.

Mawa lake tinabweza mbale ija pa makina n'kusenga dzina lakubalo. Anzathu ena amalemba ndi inki, koma imafufutika ukapaka mafuta. Ena amamata kachitsulo kokhala ndi dzina. Ine ndinatenga cholembera chamoto cha a Govender n'kuwotcha mozungulira: Esnat Kadzuwa, mango, Okutobala 2024, Malawi. Pa liwu lomalizali dzanja linazengereza pang'ono, koma ndinalilemba lonse. Kuyambira pano palibe mbale idzatuluke m'galaja muja yopanda mawu amenewa.

Ku tchalitchi azimayi ena akundiyang'ana cham'mbali, ati ndinachititsa manyazi munthu wakwathu pamaso pa eni dziko. Zimandiwawa, koma manyaziwo anawasema yekha.

Pempho langa ndi limodzi. Mbale imeneyi sindigulitsa. Ndaipereka kwa a Kasim, amene amanyamula katundu wa anthu kupita kumudzi, ndipo adzadutsa pa Ntcheu kumapeto kwa mwezi. Mukailandire nokha, musatume munthu. Ndikuwadziwa amayi, adzafuna kusungiramo nyemba. Muwauze kuti aiike pa kabati chovundikira, kuti aliyense wolowa m'nyumbamo aziwerenga. Kuno dzina la bambo athu ndalibisa zaka zisanu ndi chimodzi, zakwana.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu, azakhali a ku Bilira, amalume ndi ana onse. Inu konzani malo pa shedi panu, ndikabwera tidzayesana.

Ndine mlongo wanu,
Esnat Kadzuwa