Tsiku Limene Ndinagwa ku Hewe

Rumphi Boma,
14 Okutobala, 1969.

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi onse ku Linthipe. Ine kuno ndili bwino, kungoti dzuwa la ku Rumphi landidetsa. Lettie, ndikudziwa kuti owerenga ndiwe. Uwawerengere amayi zonse, usadumphe mzere ngakhale pochititsa manyazi mchimwene wako.

Paja ndinakulemberani kuti boma latulutsa ndalama zogulira katemera wa chimfine chachikulu chija. Tinadikira miyezi itatu, osadandaula mokweza, ndipo sabata yatha mabokosi anafika. Ine ananditumiza ku Hewe, chigwa cha alimi a chimanga ndi fodya, kumene chimfinechi chinatenga anthu ambiri m'nyengo yozizira. Katemerayu amayenda m'bokosi la ayezi, ndipo ayeziyo akasungunuka mankhwala onse aonongeka. Akulu athu anandiuza kuti Hewe akakana, gawo lake lipita kwina.

Tinanyamuka m'mawa pa Landirova, ine ndi a Thomson oyendetsa. Pabwalo la sukulu tinapeza anthu odzaza, poti atcheyamani a chipani anali atalengeza. Kubwera anabwera, koma aliyense anali atapinda manja. Ndinalankhula m'Chichewa, ndipo mzamba wa kumeneko, Isabella Gondwe, ankamasulira m'Chitumbuka. Nditamaliza, palibe anasuntha. Isabella anandinong'oneza kuti kwamveka mphekesera yoti jakisoniyu amafooketsa mkono, pamene mvula ili pafupi ndipo minda ikudikira khasu.

Kenaka anaimirira a Amock Mfune, mkulu wa mpingo amene anamenya nkhondo ku Burma. Akazi awo anamwalira ndi chimfine chomwechi mu Julayi.

"Mudankhe ndimwe, adokotala," anatero, kutanthauza kuti ndiyambe ndine. Anapitiriza m'Chichewa chawo chokoka: "Ngati munkhwala ngwabwino, tione pa mkono wanu."

Amayi, apa ndiulule. Mukukumbukira tsiku lija ndinathawa jakisoni ku Dedza n'kukabisala m'nkhokwe ya amalume? Mantha aja sanathe. Ndabaya anthu mazanamazana, koma singano ikaloza ine, ndimafuna kuthawa. Tsiku lobaya antchito ku Boma ndinanamizira kutanganidwa.

Ndinayang'ana bokosi, madzi ayamba kudontha pakona. Ndinakwinya malaya n'kupereka mkono kwa Isabella.

"Mwatuwa," anandinong'oneza. "Mukhale pampando."

"Iyayi, bayani ndili chiimire, anthu aone bwino," ndinayankha mwachamuna.

Singano ndinaiona ikulowa. Zotsatira ndinachita kuuzidwa.

Ndinatsitsimuka ndili chagada pafumbi, a Thomson atandikweza miyendo m'mwamba, Isabella akundikupiza ndi buku la mayina. Amayi ena anali atabereka kale ana awo kuti azipita. Mumtima ndinati basi, ndaononga ntchito ya boma, ndipo aliyense amene adzafe kuno chaka chamawa, mlandu ndi wanga.

Isabella anawerama n'kundifunsa, "Ndiwauze kuti ndi dzuwa?"

Ndinafuna kuvomera, Amayi. Koma ndinadzuka, ndinasasa fumbi, n'kumuuza kuti amasulire mawu anga onse monga alili. Ndinati, "Abale, sanandigwetse ndi mankhwala. Ine ndimaopa singano chiyambire ubwana wanga. Mkono ndi uwu, ukugwira ntchito." Ndinatola khasu limene linatsamira pakhoma la sukulu n'kulima kawiri katatu pabwalo pomwepo.

A Mfune anayang'ana mkono wangawo. Kenaka anaphulika ndi phwete mpaka misozi.

"Wamantha ngati uyu sangapereke mkono ku chinthu chakupha!" anatero. "Fumapo, mwana, ndikulongole umo amalasira mwanalume." Ndiye kuti ndichokepo, andionetse mmene amabayira mwamuna.

Anavula jekete, anabayidwa akuyang'ana singano, n'kufunsa kuti, "Mwamala?" kutanthauza kuti mwatha kale. Basi abambo onse anayamba kukankhana, aliyense kufuna kuonetsa kuti iye sangagwe ngati Mchewa. Amayi aja anabwerera ndi ana awo akuimba nyimbo imene anaipeka pomwepo. Mawu sindinawamve onse, koma dzina langa linalimo. Pofika thili koloko mabotolo onse anali atatha, ayezi akadalipo pang'ono. A Mfune anandigwira dzanja ndi manja awiri, nati, "Yewo chomene. Mukadabwera mu Juni, bwenzi mkazi wanga nyaKumwenda ali pamzerewu."

Tsopano Hewe yense akunditchula kuti Dokotala Wawa. Kwathu wawa ndi moni, koma kuno ndiye kuti wagwa. Ngakhale akulu athu ku Boma, atandiyamikira pa ntchito, anandifunsa ngati ndikufuna mphasa paulendo wa ku Mlowe.

Pali nkhani inanso. Sikunali koyamba kuonana ndi Isabella. Paja munadandaula kuti pa Pasaka sindinabwere, ine n'kunena kuti ntchito yachuluka. Ntchitoyo inali yopalasa njinga kupita ku Hewe. Mundikhululukire. Kwa miyezi isanu ndi umodzi ndinkalephera kumufunsira ukwati, koma tsiku lomwelo, fumbi lidakali m'tsitsi, ndinaona kuti palibenso manyazi otsala oti ndiwasunge. Ndinamufunsira tikutsuka zida. Anati, "Ndimadikira kuti mudzagwa liti." Wavomera.

Chonde muwauze amalume a Pearson akonzeke kubwera fodya akatha kuwokera, adzaonane ndi akwawo. Musade nkhawa kuti mwana wanu watayika kumpoto. Kuno kulibe chikamwini. Mkazi ndiye amatsata mwamuna, choncho pa Khirisimasi mukonze malo a anthu awiri. Katemera akafika kwathuko mukabayitse, ndipo Lettie akuperekezeni.

Moni kwa amalume, kwa azakhali a ku Chimbiya, ndi kwa onse a mumpingo. Pansipa ndasiya malo, pali wina walanda cholembera.

Ndine mwana wanu,
Manase.

Amama, monire. Chichewa changa cholemba n'chopereŵera, mundikhululukire. Mwana wanu akudya bwino ndipo anthu kuno amukonda chomene. Ine amama ŵanga anamwalira ndili wamng'ono. Ngati mundilola, ndiyambe lero kukuitanani choncho.

Isabella.