Pakeji yomwe ndinaika pa akaunti ya tonse

Lachinayi, nditaweruka. Tsiku loipa, ndipo ndaliipitsa ndekha.

Ndimafuna kujambula mapu a minda ya fodya ya alimi anga a ku Kaluluma, koma notibuku ya pa kompyuta ya ofesi, momwe timalembera mapulogalamu, inalibe pakeji ya mapu, pulogalamu yowonjezera yojambulira mapuwo. Nditayesa kuiika, kompyuta inakana, akuti ndilibe chilolezo. A Mwale, omwe amasunga pasiwedi yaikulu, ali kumaliro ku Chamama mpaka Lolemba. Ndikanangodikira. M'malo mwake ndinapeza njira yoika pakeji pa akaunti imene ndinalowera yokha, yosafuna chilolezo cha a Mwale. Zinatheka, mapu anatuluka okongola, ndinadziona ngati katswiri.

Ndinaiwala kuti muofesi mwathu tonse asanu timalowera akaunti imodzi, ija tinamata pasiwedi yake pansi pa kiyibodi. Pakeji yanga inabwera ndi zinzake zatsopano, n'kuphimba zakale zomwe anzanga amadalira.

Masana Mayi Chisale, mlangizi mnzanga, anatsegula notibuku yawo ya lipoti la mbewu, lofunika mawa kwa abwana. Panangotuluka mizere yofiira yokhayokha. Anandicheukira.

"Achimwene, mwagwirako china pano?"

"Ayi mayi, mwina ndi netiweki."

Anandikhulupirira. Anakhala mpaka kuweruka akuwerengetsa pamanja, ndipo potuluka anandigawirako mtedza wawo wokazinga.

Pakejiyo ndingathe kuichotsa mawa m'mawa. Bodza lija sindikudziwa kuti ndilichotsa bwanji. Ndipo mtedzawo ndadya.