Amayi akana kusaina

Lachitatu madzulo. Tsiku lowawa.

Ndinapita ndi amayi ku ofesi ya inshuwalansi kutauni. Papita mwezi chimwalirireni mlongo wanga Mweemba, lole itawomba takisi yake pamsewu wa Nakatindi akupita ndi alendo ku bwalo la ndege.

Mayi wa mu ofesimo anatilandira bwino. Anati zonse zatheka, kwangotsala kuti amayi asaine, poti ana a Mweemba ali m'manja mwawo. Amayi anagwira cholembera, kenako anachiika pansi.

"Mwana wanga ni mbuzi kuti munilipile?" anatero.

"Ba mami, ndalama iyi ni ya bana, ya sukulu," ndinawanong'oneza.

"Nikasaina ndiye kuti navomela."

Anadzuka n'kutuluka. Tinabwerera kwathu ku Maramba wapansi. Takisi iliyonse ikaliza hutala, amayi ankatembenuka kuti aone woyendetsa.

Njira yonse ndinali nditawakwiyira. Koma pofika pakhomo, Luyando, mwana wamng'ono wa Mweemba, anatithamangira n'kufunsa ngati atate ake tawapeza kutauniko. Amayi anangomunyamula. Ine ndinalowa m'bafa kukalira.

Mwanayu wina amuuze zoona. Amayi sangathe. Ndiye kuti ndine, koma ndiyambira pati...