Masitepe Asanu ndi Anayi

Lolemba, 3 Juni

Ndangochokera ku hotela yakale ija, mutu ukuwira. Madyerero a ukwati wa mng'ono wanga ndi Loweruka, ndipo lero m'pamene ndawerenga masitepe a pakhomo: asanu ndi anayi, amiyala, oterera ngati sopo. Chikuku chomwe bambo amayendera chikwera bwanji? Manijala akuti nyumbayo ndi yotetezedwa ndi lamulo, ngakhale msomali sakhoma. Wayamba kundionetsa zipilala za pakhonde, magalasi amitundumitundu, chitseko chosema cha zaka zoposa zana. Ngati ndapita kukajambula.

Lachiwiri, 4 Juni

Manijala waimba foni. Akuti bambo akhoza kulowera kumbuyo, khomo la kukhitchini. Ndapita kukaona: migolo ya zinyalala, ntchentche, madzi otsukira mbale ali tayale. Bambo a mkwatibwi, atavala suti, adutse pamenepo?

Ndawauza bambo. Anati, "Ndidzaona pa zithunzi, mwana wanga." Ndinakalirira kubafa kuti asandimve.

Lachinayi, 6 Juni

Alamu anga akalipentala akhoma thabwa lokwerera chikuku, longosanjika, losaboola mwala ndi umodzi womwe. Tinalinyamula anthu anayi mpaka ku hotela. Kunabwera mayi wa ku ofesi yosunga zakale, tepi yoyezera kumanja. Akuti likanda miyala, komanso likubisa nkhope ya nyumba. Tilembe pempho, yankho pakatha milungu isanu ndi umodzi. Ndinawafunsa ngati miyalayo ili ndi mwana woti ikwatitse. Alamu anandikoka mkono.

Lachisanu, 7 Juni

Achimwene akuti tingowanyamula. Bambo akana, akuti iwo si thumba la simenti. Amayi akuti mwini ukwati asamve, tingamuwonongere tsiku lake.

Ndamuuza.

Loweruka, 8 Juni

Bambo anabwera ndithu. Anati adikira m'munsi mwa masitepe, amudalitse mwana wawo, abwerere kunyumba. Alendo onse anali atakwera kale, adzaza khonde.

Galimoto itaima, mng'ono wanga anatsika, anayang'ana m'mwamba, anayang'ana bambo. Anakwinya diresi loyera lija n'kukhala pa sitepe yoyamba, pambali pa chikuku. Manijala anatsika mothamanga kudzamunong'oneza kuti zakudya zikuzizira m'kati.

"Zibwere kuno," anatero mng'ono wanga.

Mwamuna wake anavula jekete, anandipatsa ine, n'kukwera kukatenga tebulo loyamba.