Mlandu wa Mphuno ya a Mabatani

KOMITI YA ZAUMOYO, FAKITALE YOSOKA MAYUNIFOLOMU

Tsiku: Lachinayi, 14 Ogasiti
Malo: Chipinda chodulira nsalu
Opezeka: Wapampando, Mlembi, Mkulu wa Matelala, a Ayironi (ositasita), a Mabatani (oyimbidwa mlandu), Namwino (mlendo)
Osapezeka: Wachiwiri kwa Wapampando ndi mamembala ena atatu (onse chimfine)

1. Kutsegula
Wapampando anatsegula msonkhano nthawi ya 12:30 masana. Mawu awo olonjera sanalembedwe chifukwa anayetsemula kasanu ndi kawiri ali pakati. Nsalu ya makasitomala inachotsedwa patebulo mwachangu.

2. Lamulo lotsuka mphuno
Wapampando anakumbutsa komiti za lamulo lomwe anakhazikitsa mwezi watha pofuna kuthana ndi chimfine: aliyense azitsuka m'mphuno pageti, m'mawa ndi masana, ndi sopo wopha tizilombo yemwe timakolopera pansi. Anati onse anamvera kupatula a Mabatani, omwe asoka mabatani pano zaka 23. Anawerenga kalata yowachotsa ntchito, yongodikira komiti kuti ivomere.

A Mabatani anayankha ataimirira: "Bwana, ntchito ndikuifuna, ana anayi akudalira ine. Koma sopo uja ndinamuona ndi maso angawa akusukulutsa simenti. Mphuno ndili nayo imodzi yomweyi, ya sipeya ndilibe."

Mkulu wa Matelala anati mwezi uno fakitale yonse ikumina, kupatula a Mabatani okha. Wapampando anati umenewonso ndi mwano, kukana kudwala limodzi ndi anzako.

3. Malongosoledwe a Namwino
Namwino anati m'mphuno mwa munthu aliyense mumakhala mabakiteriya ambiri osavulaza, eni malo. Anati amenewa amadzaza malo kuti tizilombo ta matenda tisowe pokhala, ena amatulutsa zinthu zofooketsa tizilomboto, komanso amachititsa kuti asilikali a m'thupi azikhala tcheru. Anati sangalumbire kuti sopo ndi yemwe wabweretsa chimfine, koma wathamangitsa alonda n'kusupula khoma la m'mphuno.

A Ayironi anafunsa ngati mabakiteriyawo, poti amalowa nafe pageti tsiku lililonse, ayenera kukhala ndi ziphaso. Funsoli silinayankhidwe.

Wapampando anafunsa ngati n'zotheka kubwerekako pang'ono m'mphuno mwa a Mabatani n'kugawira madipatimenti onse. A Mabatani anaphimba mphuno ndi manja awiri n'kunena kuti: "Dzulo mumandichotsa, lero mukufuna mundikolole? Ayi bwana, kaweteni anu." Namwino anakaniza kubwerekako, nati mphuno ikasiyidwa pamtendere eni malo amabwerera okha. Anawonjezera kuti sopoyo abwerere pansi pomwe anachokera, ndipo anthu azisamba m'manja.

Mlembi, yemwe mphuno yake yakhala ikuwotcha masabata atatu, walemba mfundo imeneyi ndi mtima wonse.

4. Chigamulo
Komiti inavota mokweza manja. Atatu anati lamulo lithe ndipo a Mabatani apitirize ntchito. Wapampando anakweza dzanja kutsutsa, koma linathera kumphuno, choncho silinawerengedwe.

5. Zina ndi zina
A Ayironi anapempha kuti makina a a Mabatani asunthidwire pafupi ndi iwo, mwina mpweya wochokera m'mphuno mwa a Mabatani ungawathandize. Pempholi linakanidwa.

A Mabatani anapempha kuti kalata yowachotsa ntchito ija ing'ambidwe iwo akuona. Wapampando anati kalata ya ofesi sing'ambidwa wamba, pali ndondomeko yake. Akulongosola ndondomekoyo kunabwera kuyetsemula kwakukulu, kampango kawo kali konyowa kale, ndipo anagwiritsa ntchito chomwe chinali m'manja. Komiti inagwirizana kuti kalatayo siingalowenso m'faelo. A Mabatani anathokoza misozi ili m'maso, nabwerera ku makina awo.

6. Msonkhano wotsatira
Lachinayi, 11 Sepitembala, panja pomwe pali mphepo.

Msonkhano unatsekedwa nthawi ya 1:20 masana.

Wapampando: ______________ (asaina akachira, cholembera chawochawo)
Mlembi: ______________