Mitanda Yofiira pa Phiri la Ghubad

Gulu: Banja la a Pisal (Baba, Vrunda, Shardul)

Lolemba, 10 Marichi

[6:38] Vrunda: [chithunzi]
[6:39] Vrunda: Shardul ichi nchiyani
[6:39] Vrunda: mitengo ya m'njira yokwerera phiri aipaka mitanda yofiira. usandiuze kt ndi ana ayamba msanga kuwazana utoto wa chikondwerero cha Holi
[6:41] Vrunda: m'munsi muli chimashini chofukula nthaka ndi chikwangwani cha khonsolo. "injiniya woyang'anira: S. Pisal". S ameneyu ndi ndani?
[6:52] Vrunda: ndikuona kt wawerenga. ndine Tai wako, mlongo wako wamkulu, undiyankhe
[7:30] Shardul: ndikuwasambitsa Baba, Tai. ndiyankha ndikafika ku ofesi
[9:15] Shardul: ok mverani. ndalama za phiri la Ghubad zija mwakhala mukuzilirira zaka zonsezi ndi gulu lanu la oyenda m'mawa, boma la chigawo chathu latulutsa. ma rupee 50 miliyoni, ndiye kt ma crore asanu
[9:16] Shardul: atatu ndi ogulira kuseri kwa phiri ndi pamwamba pake kwa mwini malowo, Sampatrao, asanamangepo ma flat ake. awiri ndi a njira
[9:18] Vrunda: ife tinapempha masitepe a miyala, thanki ya madzi othirira ndi mlonda mmodzi. anapempha msewu ndi ndani?
[9:20] Shardul: a ku likulu. akufuna konkire, magetsi ndi poimika magalimoto pamwamba. tsiku lotsegulira nduna ikwere pa galimoto
[9:20] Vrunda: ndunayo ilibe miyendo?
[9:23] Shardul: pulani inabwera ndi msewu wa mamita 6 m'lifupi. ndinalimbana nawo mpaka ndinautsitsa pa 4. theka la mitengo ndapulumutsa ndine. palibe wandithokoza
[9:23] Vrunda: zkm kwambiri bwana injiniya podula theka lokha
[9:27] Vrunda: [mawu ojambula 0:38] "Iwe Shardul, waiwala? Phiri lija linali mwala wokhawokha. Bambo ako akaweruka ku depoti ya mabasi ankakwera ndi zigubu ziwiri za madzi, ife tikulira m'mbuyo kuti miyendo yatopa. Nimu uja, bwemba uja, anabzala okha ndi manja awo. Lero mwana wawo akuipaka penti ngati mbuzi za kwa butchala. Sukuchita manyazi?"
[9:40] Shardul: ndalamazi zabwera mtolo umodzi Tai. mukakana msewu, zogulira malo nazo zapita. ndipo zikapanda kugwira ntchito pofika 31 Marichi zibwerera ku likulu, chaka cha boma chikhala chatha
[9:41] Vrunda: amatiopseza choncho chaka chilichonse
[9:44] Shardul: ganiziraninso izi. konkire ikakhalapo Baba atha kukwera pa njinga yawo ya olumala. chidwalireni sitiroko sanapondeko
[9:44] Vrunda: usawalowetse Baba m'zonyansa zakozo

Lachinayi, 13 Marichi

[8:05] Shardul: [chithunzi]
[8:05] Shardul: ichi ndachipeza chitamatidwa pa siteji ya matakisi a rickshaw. china pa chipata cha sukulu yanu
[8:06] Shardul: nkhope ya Baba, pakamwa popotoka pakuonekeratu, m'munsi mwalemba "musadule ana anga"
[8:06] Shardul: munawafunsa?
[8:31] Vrunda: mitengoyo ndi yawo
[8:31] Shardul: munawafunsa?
[8:33] Vrunda: sakanakana
[8:35] Shardul: wogulitsa tiyi wandigwira mkono nkundipepesa. amaganiza amwalira
[8:36] Shardul: Lolemba mumati ine ndisawalowetse
[8:38] Vrunda: ine ndikuwateteza, iwe ukuwagulitsa. nzosiyana
[8:39] Vrunda: Baba, mwachiona chithunzicho? anthu akubwera ambiri chifukwa cha inu
[12:50] Vrunda: Baba?
[13:14] Shardul: awerenga. foni aigoneka chafufumimba pa tebulo. kadzutsa wawo wa poha sanamukhudze

Lolemba, 17 Marichi

[7:12] Vrunda: [kanema]
[7:12] Vrunda: takhala pansi kutsogolo kwa mashini, anthu mbweee. dalaivala wazimitsa injini akumwa tiyi wathu kkkk
[7:20] Shardul: chokanipo pls, apolisi akubwera
[7:21] Vrunda: abwere. tili ndi agogo a zaka 80 pano, tione awanyamula bwanji
[7:21] Shardul: Tai ndikupempha
[7:48] Shardul: Tai
[11:32] Shardul: bwana andiitana pamaso pa ofesi yonse. akuti munthu wolephera kuletsa mlongo wake angalamule bwanji kontirakitala
[11:33] Shardul: andichotsa pa ntchito ya phiri. kuyambira mawa ndili ku ngalande za zimbudzi
[11:34] Shardul: aikapo injiniya wina, Kolhe. Kolhe sakangana ndi likulu. wabwezeretsa mamita 6, akukapaka mitanda ina masana ano
[11:34] Shardul: wasangalala? iwe wasangalala?
[11:50] Vrunda: "iwe"? ukunena ine kt iwe?
[11:51] Shardul: eya iweyo
[11:53] Shardul: umabwera Lamlungu ndi bokosi la maswiti, kuwajambula, nkumapita. amawatembenuza ndani? amawapukuta akadziipitsira ndani? zaka zitatu ndine. koma mwana wokonda bambo ake ndiwe, chifukwa uli ndi megafoni
[11:55] Vrunda: nanga amayi atamwalira anakulera ndani? ndinasiya koleji chaka chathunthu kt iwe udzakhale injiniya wodula mitengo?
[11:55] Shardul: nkhani imeneyo ndailipira kangati
[11:56] Vrunda: mxm
[15:02] Baba: [mawu ojambula 1:24] "Lilime langa ndi lolemera, mumvetsere, sindibwereza. Vrunda. Mitengo si ana anga. Ana anga ndi awiri, ndipo onse ndi opusa. Nimu uja ndinabzala kuti ndikadzakalamba ndizikakhala pamthunzi pake. Ndakalamba. Phiri ndimaliona pa kawindo ka ku bafa. Ndikufuna kukwera. Ukanandifunsa ndikanakuuza. Chotsa nkhope yanga pa makoma."
[15:06] Baba: [mawu ojambula 0:57] "Shardul, nawenso usamwetulire. Njinga yangayi imalowa pa khomo la chimbudzi. Mamita anayi ikachita nawo chiyani? Msewu umenewo ndi wa galimoto ya nduna, usaupachike pa ine. Kanjira kokwana njinga imodzi, kokhotakhota pakati pa mitengo, kakanakwana. Palibe anakanena zimenezo kulikonse, chifukwa palibe anakhala pansi nane."
[15:20] Vrunda: Baba pepani
[15:21] Vrunda: ndichotsa zonse lero lomwe
[15:40] Vrunda: Baba ndiimbe?
[15:41] Baba: ayi

Lachitatu, 19 Marichi

[14:10] Vrunda: khoti laimitsa ntchito. asadule mtengo ngakhale umodzi mpaka mlandu udzamvedwe pa 15 Epulo
[14:11] Vrunda: loya wathu anakasuma sabata yatha, Baba asanalankhule. sindikanatha kumubweza
[14:30] Shardul: inu mumaphunzitsa masamu aphunzitsi. 15 Epulo imabwera 31 Marichi isanafike kapena itadutsa?
[14:31] Shardul: Sampatrao anavomera kudikira mpaka kutha kwa mwezi uno basi. ali ndi anthu anamulipira kale ma flat, akungopemphera kt boma lilephere
[14:33] Vrunda: khoti laimitsa msewu, silinaimitse kugula malo
[14:33] Shardul: mtolo umodzi. ndinanena m'chilankhulo chanji
[14:36] Vrunda: nde ndipita ku likulu ndekha. agawe ndalamazo, zogulira malo zituluke, za njira tikambirane kanjira ka Baba kaja
[14:37] Vrunda: ndiuze ndikaone ndani
[16:15] Vrunda: Shardul
[17:48] Shardul: kwerani sitima ya m'mawa. kwa nduna musapiteko, sakulowetsani. funsani mayi woona za chuma cha mapaki, pa nsanja yachitatu. dzina langa musalitchule, ngalande zandikwana

Lachiwiri, 25 Marichi

[10:20] Vrunda: ndafika. akuti ali pa meeting
[12:05] Vrunda: akadali pa meeting
[13:10] Vrunda: atuluka andidutsa ngati mpando. apita kukadya
[13:12] Shardul: khalani pompo musachoke
[15:44] Vrunda: [mawu ojambula 1:02] "Mvera Shardul. Ndalowa. Andipatsa tiyi, andimwetulira. Akuti ndalama zinavomerezedwa ngati chinthu chimodzi, kuti azigawe mpaka komiti ikhale, ndipo komiti idzakhala mu June. Ndawauza za kanjira ka njinga, kuti kangadye ndalama zochepa kwambiri. Ukudziwa ayankha chiyani? Akuti ndiye vuto lake, kanjira kotchipa sikangamalize ma crore awiri pa sabata imodzi. Ndati ndiye mukudula mitengo kuti ndalama zithe? Akuti mayi, ine ndimangoona manambala. Kumbuyo kwawo kuli kalendala ya chithunzi cha nkhalango, Shardul. Nkhalango!"
[15:50] Shardul: ndinadziwa
[15:50] Vrunda: nde unanditumiziranji mtunda wonsewu
[15:53] Shardul: ndimafuna zipezeke kt ndalakwitsa
[16:02] Shardul: kwatsala njira imodzi. chotsani mlandu mawa, mashini ayambe, Sampatrao alipidwe
[16:04] Vrunda: ndi mamita 6 a Kolhe? mbali yathu yonse ikhala konkire. ndikawauza chiyani anthu anakhala pansi kutsogolo kwa mashini aja?
[16:05] Shardul: muwauze kt pamwamba papulumuka
[19:10] Vrunda: ndawaimbira onse ndili mu sitima. akana. mmodzi wati mlongo wanga wandigula
[19:11] Shardul: kkkk ndi ndalama za ku ngalande?
[19:11] Vrunda: usaseke
[19:12] Shardul: sindikuseka Tai

Lolemba, 31 Marichi

[17:31] Shardul: atseka mabuku. ma crore asanu onse abwerera
[17:31] Shardul: mu ofesi agawa maswiti poti chaka chatha bwino

Lachitatu, 2 Epulo

[6:50] Shardul: [chithunzi]
[6:50] Shardul: anthu a Sampatrao. ayamba kukhoma mpanda wa malata kuchokera kuseri
[6:51] Shardul: mitengo yanu ya m'njira ilipo yonse, mwapambana. njira izikwera bwinobwino nkukathera pa lata
[6:58] Vrunda: pamwamba penipeni sangatseke. pali mwala uja anthu amapumirapo
[6:59] Shardul: ndi pake. ndi mitengo ya bwemba ya kuseri yonse. khoti lanu linateteza ya m'njira yokha
[7:01] Vrunda: tikasuma
[7:01] Shardul: munthu wamanga mpanda pa malo ake. mukamusumira chiyani?
[7:15] Vrunda: afika pamwamba liti
[7:18] Shardul: kapitawo wawo akuti Loweruka
[10:42] Vrunda: tiwakweze Baba mawa m'mawa dzuwa lisanatenthe. ndapeza mpando wa nsungwi ndi mitengo iwiri yonyamulira. amuna atatu a m'gulu avomera. wachinayi ndiwe
[10:43] Vrunda: usandiyankhe zamwano, ingonena eya kapena ayi
[10:58] Shardul: eya. ndipempha tchuthi cha theka la tsiku
[10:59] Vrunda: 6 koloko pa gate. uwaveke chipewa
[11:20] Baba: ayi
[11:21] Vrunda: Baba mpata ndi womwewu. Loweruka atseka
[11:22] Shardul: tiyenda pang'onopang'ono Baba, ine ndikhala kutsogolo
[11:37] Baba: [mawu ojambula 0:49] "Amuna anayi adzandinyamula pamapewa tsiku limodzi lokha, ndipo tsikulo silinafike. Phiri limenelo ndinkalikwera ndi miyendo yanga. Ndimafuna ndilikwere ndi njinga yanga, ngati munthu, osati ngati katundu tauni yonse ikundijambula. Ndalama zinafika mpaka pakhomo. Inu awiri, nduna yanu ndi khoti lanu, mwathandizana kuzibweza. Tsopano mukufuna mundinyamule kuti mitima yanu ipepuke. Inyamuleni nokha mitimayo."

Baba atuluka m'gulu

[11:39] Vrunda: eish
[11:40] Vrunda: Shardul abwezeremo
[11:52] Vrunda: Shardul
[12:26] Shardul: abwezereni nokha Tai. admin ndinu